Panaracer GravelKing SK m'njira zozungulira nyanja za m'makwale akale

Njira yozungulira nyanja yomwe inabadwa pomwe kale ankakumba miyala imanamiza maso. Pamapu imaoneka ngati kamzere kamodzi, koma pansi pa tayala imasintha kangapo pa makilomita khumi okha. Pali msewu wakale wa malole, wotsendereka mpaka kuuma ngati simenti. Pali malo omwe anathirapo miyala ya kwale yongophwanya kumene, yakuthwa mbali zonse. Pali mchenga ndi nsangalabwi zotsukidwa zomwe zinatsalira pomwe panali makina osefera. Ndiye pali dongo, dothi lomwe okumba anakankhira pambali kuti afike pamwala, lomwe kawirikawiri ndi lomwe anaumbira zitunda za m'mphepete mwa madzi. Tayala la njinga la GravelKing SK limasangalatsa pa msewu wouma uja, limapirira pa miyala yakuthwa ndi pamchenga ngati mwaliika bwino, koma pa dongo lonyowa silithandiza n'komwe. Vuto ndi loti dongolo ndi lomwe limakhala pafupi kwambiri ndi madzi.

Panaracer ndi kampani ya ku Japan, ndipo inayamba kugulitsa matayala a GravelKing mu 2014. Pabanja limeneli pali losalala, pali SS losalala pakati pokha, pali EXT la mano otalikirana, ndipo mu 2024 anawonjezapo X1. SK ndi lija la timano tating'ono ta ngodya zinayi, tothithikana pakati, ndi mano ataliatali ogona m'mphepete. Masaizi akale omwe anthu ankagula kwambiri anali 700x38 ndi 700x43 (nambala yachiwiri ndi kutambalala kwa tayala m'mamilimita). Pa mtundu watsopano mupeza 40 ndi 45. Kusiyana kwake si kwakukulu monga kukuonekera, chifukwa 38 wakale uja ankalembedwanso kuti 40-622 ndipo pa malimu ambiri ankatuluka pafupifupi mamilimita 40. Lililonse limalemera pakati pa magalamu 400 ndi 500 kapena kupitirira pang'ono, malinga ndi saizi. Mtundu wolembedwa Plus uli ndi nsalu yowonjezera yotchinjiriza mkati, ndipo R ndi wopepuka wa ochita mipikisano. Pa ntchito yomwe tikukambayi, R muiwaleni.

Pa msewu wotsendereka ndi patala palibe chodandaula. Timano tapakati tayandikana moti tayala limagudubuzika ngati losalala, silichita phokoso lambiri, ndipo makilomita a tala omwe mumapalasa musanafike kunyanja sakutopetsani. Chokwiyitsa n'chimodzi: mipata ya pakati pa timanoto ndi yofanana ndendende ndi timiyala tating'ono ta pamsewu, choncho tayala limatola timiyalato n'kumatiponyera pa chitsulo chapansi cha felemu ulendo wonse. Matani tepi yoonekera mkati, yokhuthala, kunsi kwa chitsulocho tsiku lomwe mukuika tayala, penti isanayambe kusupuka.

Musaligule ngati mukufuna kuliika ndi chubu. Ndi chubu mumakakamizika kupopa kwambiri poopa kuti limu lingatsine chubucho pamwala n'kusiya timabowo tiwiri tokhala ngati polumidwa ndi njoka. Mpweya wambiriwo ndi womwe umapha ubwino wa SK. Timano sitikhazikika pansi, njinga imadumphadumpha, ndipo labala wokungika amang'ambika msanga kusiyana ndi wofewa yemwe amagonjera mwala n'kuukulunga.

Kuika popanda chubu kumayambira pa limu. Lipukuteni ndi sipiriti kuti mafuta achoke. Tepi ikhale yotambalala kuposa mkati mwa limu ndi mamilimita 2 mpaka 5, kuti itsike m'ngalande yapakati n'kufikabe kumakoma onse awiri. Yambirani masentimita 10 musanafike pa bowo la valavu, kokani mwamphamvu pozungulira, n'kupitirira bowolo ndi masentimita 10 enanso. Bowolani ndi chitsulo chosongoka. Mpeni umasiya mng'alu womwe umapitirira. Nati ya valavu mangani ndi zala zokha. Mukamanga ndi pulayala mumapotoza labala wa patsinde, komanso tsiku lomwe mudzafune kuchotsa valavuyo kutchire kuti muike chubu, zala zidzakanika. Pakani madzi a sopo pa milomo ya tayala, chotsani kamtima ka valavu kuti mpweya ulowe mwamphamvu, ndipo popani mpaka mutamva kuti pha! pha! Yang'anani kamzere ka pafupi ndi mlomo ngati katuluka mofanana kuzungulira mbali zonse ziwiri. Tayala likakana kukwera, musapitirire malire olembedwa pa nthiti zake kapena pa limu. Phwetsani, onjezani sopo, yesaninso.

Kenako thirani madzi omata mabowo aja, silanti, mamililita 60 pa tayala lililonse, kudzera pa valavu ndi sirinji. Ngati njira yanu ndi ya miyala yakuthwa, 80 sakhala ambiri. Khutchumulani wilo, ligonekeni mbali iyi mphindi khumi, mbali inayo mphindi khumi, n'kukwera njinga kwa kanthawi. Kuphwa pang'ono usiku woyamba si vuto. Koma mukaona thovu likutuluka pa mitu ya masipoko kapena kuzungulira valavu, dziwani kuti mpweya wadutsa pansi pa tepi n'kulowa m'mimba mwa limu. Kumangitsa nati sikuthetsa zimenezo. Chotsani zonse, ikani tepi yatsopano.

Mpweya ndi pomwe ambiri amalakwitsa, ndipo kufinya ndi chala sikuuza chilichonse, gwiritsani geji yoyezera mpweya. Pa tayala la mamilimita 43 kapena 45, munthu wa makilogalamu 70 ayambire pa 28 psi (muyeso wa mpweya pa geji) kutsogolo ndi 30 psi kumbuyo, komwe ndi pafupifupi 2 bar. Wa makilogalamu 85 ayambire pa 33 ndi 36. Pa tayala la mamilimita 40 onjezani 3 kapena 4 psi. Kuchoka pamenepo tsitsani pang'onopang'ono, 1 kapena 2 psi ulendo uliwonse. Mukamva limu likugunda mwala, kapena tayala likupinda pakona n'kugeya mpweya ndi silanti pa mlomo, mwatsitsa kwambiri. Bwezerani 2 psi n'kuima pomwepo.

Pa miyala yophwanya kumene nkhani ndi nthiti za tayala. Mwala wa kwale sunakulungizidwe ndi madzi ngati wa mumtsinje, ndipo mitundu ina monga flint ndi slate imasweka n'kusiya lumo lenileni. Amene amatsatira mpikisano wa Unbound Gravel ku Emporia, Kansas, wa mamailosi 200 m'mapiri a Flint Hills, amadziwa kuti ambiri amagonja chifukwa cha tayala long'ambika, osati miyendo. SK wamba ali ndi nthiti zofewa, zomwe ndi zomwe zimalipangitsa kukoma kukwera, koma zimachekeka. Njira yabwino ndi kuika Plus kumbuyo, komwe kuli kulemera kwambiri komanso komwe simusankhira bwino podutsa, n'kusiya wamba kutsogolo. Plus ndi wolemerako ndipo amamveka wouma pang'ono, koma zimenezo n'zochepa poyerekeza ndi kuyenda pansi makilomita asanu mukukankha njinga. Kakweredwe nakonso kamateteza: yendani m'mkwaso momwe mawilo a magalimoto anatsendera, pewani mulu wapakati ndi wam'mphepete, imirirani pamapedulo mawondo ali opinda, ndipo gwirani mabuleki musanalowe m'miyalamo. Wilo lokwekwereza pa mwala wakuthwa limadzicheka lokha.

Silanti imatseka yokha timabowo ta minga ndi ta mamilimita awiri kapena atatu. Bowo likakula, tembenuzirani pansi kuti madziwo asonkhane pamenepo, n'kulowetsa pulagi, kachingwe ka labala womata kaja, ndi kafoloko kake. Awiri pamodzi amatseka bowo lalikulupo. Mng'alu wa panthiti wopitirira sentimita imodzi sufuna zonsezi: chotsani valavu, ikani chigamba cholimba mkati, ikani chubu. Musanaike chubucho pitani ndi zala mkati monse, chifukwa minga yonse yomwe silanti inabisa miyezi yapitayo ikadali mmenemo. Pampu yapamanja ndi yodalirika kuposa timabotolo ta mpweya wa CO2, tomwe kuzizira kwake kumatha kuundanitsa silanti.

Pa mchenga ndi nsangalabwi zobulungira mano sathandiza kwenikweni. Chothandiza ndi kutambalala. Apa 45 amaposa 40 moonekeratu. Khalani chakumbuyo pa chishalo, musaumitse manja pa chiwongolero, sankhani giya yopepuka, ndipo musaleke kupalasa.

Tsopano dongo. Mipata yomwe inkatola timiyala ija imadzaza dongo wilo likangozungulira kawiri kapena katatu, ndipo silituluka chifukwa mano ndi afupi komanso othithikana. Tayala limasanduka losalala lokutidwa ndi phala. Dongolo limatola udzu ndi timiyala, limakula, mpaka wilo limakanirira pafoloko kapena kumbuyo kwa mapedulo. Mukakakamiza kupalasa, timiyalato timapala penti n'kulowa m'felemu, ndipo pa felemu ya kaboni mungabowole tsiku limodzi lokha. Matope otere akadzaza tcheni amathanso kuthyola kachitsulo kogwira chosinthira magiya. Zinachitikira anthu ambiri pa Unbound wa 2023. N'chifukwa chake saizi musasankhe pongoona kuti tayala lalowa. Lipopeni, dikirani tsiku limodzi chifukwa limakula pang'ono, n'kuyeza mpata mbali zonse: mamilimita 4 ndi a nyengo youma basi, ndipo pa malo a dongo pafunika 6 kapena kuposa. Ngati 45 sakusiya mpata umenewo, tengani 40. Wilo likayamba kulemera imani, palani ndi kamtengo, ndipo nyamulani njinga paphewa mpaka mutadutsa. Kuikankha kumangowonjeza matope.

M'makwale a laimu muli msampha wina. Fumbi loyera lija, likangolandira kamvula kowaza, limasanduka phala lopyapyala pamwamba pa msewu wolimba, loterera ngati therere, chikhalirecho msewu ukuoneka bwinobwino. Mano a m'mphepete a SK ndi ogona motsata ulendo, choncho salumira pansi. Tayala lakutsogolo limachoka mwadzidzidzi osachenjeza. Chepetsani liwiro njinga ili chilili, ndipo pakona musaipendeketse kwambiri.

Kuterereka kumeneku kukanakhala nkhani ya mabala a pachigongono chabe pakanapanda madziwo. Nyanja ya pakwale ilibe gombe lotsetsereka pang'onopang'ono. Makoma ake anadulidwa ndi makina, ndipo mamita ochepa kuchoka pamtunda pansi pamangogwa chiphompho. Dorothea, mgodi wa slate wa kumpoto kwa Wales womwe unatsekedwa mu 1970, ndi wakuya kupitirira mamita 100. Zitunda za mchenga ndi dongo zimadyeka kunsi ndi mafunde, n'kugumuka ndi kulemera kwa munthu mmodzi. Kanjira kakayandikira m'mphepete ndipo pansi pali ponyowa, tsikani. Ndipo thukuta lisakunyengeni kudumphiramo: nyanjazi zimadzazidwa ndi akasupe a pansi, pamwamba pokha ndi pomwe pamafunda, ndipo madzi ozizira kuchepera madigiri 15 amachititsa munthu kukoka mpweya mwadzidzidzi osafuna, mutu uli m'madzi. Ngakhale mtundu wokongola sutanthauza kanthu. Dziwe lobiriwira ngati thambo la ku Harpur Hill pafupi ndi Buxton ku England lili ndi pH (muyeso wa ukali wa madzi) ya 11.3, yotentha khungu, moti mu 2013 akuluakulu a boma la deralo anathiramo utoto wakuda kuti anthu aleke kusambamo. Malo okonzedwa bwino monga Cotswold Lakes ku England (kale Cotswold Water Park), komwe kuli nyanja zoposa 150 zotsalira pokumba miyala, amasonyeza poyera nyanja yololedwa kusambira ndi njira zololedwa njinga. Mabwalo a nsangalabwi opanda udzu, omwe amakopa kuti mudulirepo, ndi pomwe mbalame monga little ringed plover zimaikira mazira pansi penipeni, ofanana ndi miyala moti simungawaone muli panjinga.

Ngati mumakwera nyengo yamvula kawirikawiri, SK kutsogolo si lanu. Ikani EXT kapena tayala lina la mano otalikirana kutsogolo, SK atsale kumbuyo, komwe kuterereka kumabwezeka. Wokwera masiku ouma, yemwe theka la ulendo wake ndi tala, sangapeze chifukwa chosinthira.

Lakumbuyo limayamba kutha pa timano tapakati, tomwe timafupika mpaka kusiya mzere wosalala, ndipo mudzazindikira pokwera mtunda wa miyala wilo likayamba kuzungulira pamodzimodzi. Musasinthanitse n'kupititsa lakuthalo kutsogolo. Latsopano lipite kutsogolo, lakutsogolo libwerere kumbuyo. Silanti imauma pakati pa miyezi iwiri ndi isanu ndi umodzi, msanga kotentha. Khutchumulani wilo pafupi ndi khutu: mukapanda kumva madzi, onjezani mamililita 30 mpaka 40. Mukachoka kukwale tsukani fumbi tsiku lomwelo ndi madzi a m'ndowa ndi bulashi, osati paipi yamphamvu yomwe imakankhira mchenga m'mabeyaring'i. Fumbi la mwala losakanikirana ndi oilo limapera tcheni, ndipo likanyowa limadya mapadi a mabuleki mofulumira. Kampani yopanga zida za njinga ya Shimano imati mapadi asinthidwe akatsala theka la milimita. Pomaliza zungulitsani wilo pang'onopang'ono powala, n'kuzula ndi nsonga ya chitsulo tizidutswa ta mwala tomwe tabisala pakati pa timano, chifukwa tikasiyidwa timalowa pang'onopang'ono mpaka kuboola nsalu pa ulendo wotsatira.