Hita ya m'thanki ya mbuna itaoloka Juni wa ku Dedza

Hita imene ndinagula mu Malichi idakali m'madzi, ikuyakabe, ndipo mbuna zanga zonse, tinsomba ta m'miyala ya m'nyanja ya Malawi, zaoloka Juni ndi Julayi wa kuno zili zamoyo. Pa nkhani ya kulimba ndilibe nayo mlandu. Koma manambala amene alembedwa kumutu kwake musawakhulupirire musanawayese nokha. Yangayi inkaloza pa madigiri 26 madzi ali pa 24.

Ndi hita wamba ya galasi, ya mawati 150, yomiza yonse m'madzi. Kumutu kuli kopotokola kosankhira madigiri, m'mbali mwake muli kamkombero kokhala ndi kamuvi kamene kamasuntha pakokha, ndipo mkati muli kanyali koyaka ikamatenthetsa. Thanki ndi ya malita 120, ili pabalaza, m'nyumba ya malata.

Malume atabwera kuchokera ku Mtakataka anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Mphwanga, nsomba za m'nyanja yathu yomweyi mpaka kuziwothetsa magetsi?" Ndinati, "Malume, kwanu ndi kunsi." Boma ndi limodzi, inde, koma munthu ukatsetsereka Khwekhwelere kufika ku Golomoti juzi umavula. Tawuni ya Dedza ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja ili pansi pa mamita 500. Madzi a m'miyala mmene mumakhala mbuna amasewera pakati pa madigiri 23 ndi 29 chaka chonse, ngakhale mwera utavuta. Madzi osiyidwa m'ndowa pabalaza kuno m'mawa wa mu Julayi, kuwagwira zala zimachita dzanzi.

Musanakhudze hita, yambani mwatsimikiza kuti themometa yanu ikunena zoona. Wogulitsa anandiponyera kapulasitiki komata kunja kwa galasi, kosintha mtundu kaja, nati, "Achimwene, aka n'kaulere." Kameneko kamayeza galasi, ndipo galasi limamvera mphepo ya m'nyumba, ndiye m'mawa kamatsitsa, dzuwa likalowa pawindo kamakweza. Ndinagula ina ya galasi yoyandama ndi ina ya batire yokhala ndi kachingwe kolowa m'madzi. Ya batireyo ndinaiyesa m'kapu yodzaza ayisi wophwanyaphwanya, timadzi pang'ono, n'kutakasa. Pamenepo iyenera kuwerenga 0. Ena amati muyese m'madzi owira muone 100, koma malangizo amenewo ndi a anthu a m'mphepete mwa nyanja yamchere. Pamtunda ngati kuno madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95, moti mutha kutaya themometa yabwinobwino poganiza kuti yafa. Komanso zoyandama zija sizifika n'komwe pa 100, zingaphulike.

Njira imene inandikhutiritsa kwambiri ndi ya themometa ya odwala, yoyika m'khwapa ija. M'thanki siingathandize chifukwa imayambira pa 32, koma imapangidwa mosamala kuposa zathu za nsombazi. Mukasakaniza madzi ofunda m'jagi kufika cha m'ma 36 kapena 37, n'kuviika zonse pamodzi, mumaona kuti ndi iti ikupotoza. Ya batire inagwirizana nayo. Yoyandama inkakweza ndi theka la digiri, ndipo ndinangolemba zimenezo pakhoma pafupi ndi thanki.

Hitayo ndinaimiza n'kuisiya mphindi 30 isanalumikizidwe ku magetsi, kuti galasi ndi zamkati zifanane ndi madzi. Ndinaika pa 26 n'kuisiya usiku ndi usana. Apa pamafunika kudekha, chifukwa madzi satentha msanga. Mawati 150 pa malita 120 amatenga pafupifupi ola lathunthu kukweza digiri imodzi, ndipo apo ndiye kuti kutentha sikukuthawira kwina. Amene amapotokola, kudikira mphindi khumi, n'kupotokolanso, adzatopa asanapeze kanthu. Nthawi yowerenga ndi pamene kanyali kangozima kumene, pakuti apo hita ikuti yafika. Yanga inkazima madzi ali pa 24, mobwerezabwereza, osaphonya. Zimenezi zinandisangalatsa: hita yonama mofanana nthawi zonse imakonzeka, yoopsa ndi imene lero izima pa 24, mawa pa 28. Zili ngati sikelo ya venda wogula soya, ikamadya makilo awiri pathumba lililonse mumangobweza muvi pa ziro.

Kukonza kwake n'kosavuta. Zulani pulagi, gwirani kopotokola kasasunthe, sunthani kamkombero kokha mpaka kamuvi kaloze nambala imene themometa ikunena, kwa ine 24. Simunasinthe chilichonse mkati, mwangochititsa kuti cholembedwa chigwirizane ndi madzi. Kenako potokolani kupita pa 26 weniweni, bwezerani pulagi, dikiraninso tsiku. Ngati yanu ilibe kamkombero, matani kapepala pa pulagi kolemba kuti "onjezera 2", nkhani yatha.

Mkati mwa mahita otchipawa muli kachitsulo kopyapyala ka mitundu iwiri yomatana, kamene kamapindika kakatentha n'kudula magetsi. Kachitsuloko kamangomva madzi amene akhudza galasi lake, sikadziwa za mbali ina ya thanki. Mbuna zimafuna miyala yambiri, ndipo mtima umafuna kubisa hita kuseri kwa miyalayo kuti thanki ioneke bwino. Kumeneko madzi sayenda, amafunda msanga, hita n'kuzima mbali inayo kukuzizirabe. Yanga ili chopendekera pafupi ndi pamene fyuluta, kamakina kosefa madzi, imalavulira madzi, ndipo themometa ili kumapeto enawo. Kukongola kwachepako, koma mbali zonse ziwiri zimawerenga chimodzimodzi.

Mayeso enieni anabwera chakumapeto kwa Juni, masiku a nkhungu imene imaphimba phiri la Dedza mpaka masana. Kanyali sikankazimanso usiku wonse, koma m'bandakucha madzi ankapezeka pa 23. Dzanja limayabwa kuti upotokole kufika pa 30. Sizithandiza. Hita ilibe moto waukulu ndi waung'ono, imangodziwa kuyaka ndi kuzima, ndiye ngati yayaka kale osapuma, yapereka zonse zimene ili nazo. Mukaisiya pa 30, tsiku lotentha likadzafika idzakwezadi madzi kufika pa 30. Ndipo nthawi ngati imeneyi si yosunthira kamkombero, chifukwa hita sinaname, yangochepa mphamvu. Lamulo limene ambiri amatsata la wati imodzi pa lita imodzi ndi la nyumba zofunda. Kuno ndinaipulumutsa ndi chivindikiro chothina bwino, zoyera zopepuka zija amatchingira TV m'katoni ndinaziika kumbuyo ndi m'mbali, ndipo usiku thanki imafunda bulangete. Zitatero madzi ankagona pa 25, kanyali n'kumapumako.

Magetsi akathima hita ndi galasi chabe. Mwayi wake madzi ambiri sazizira msanga, ndipo thanki yofunditsidwa imapirira maola angapo. Akachedwa kubwera ndimatenthetsa madzi pambaula, kuthira m'mabotolo apulasitiki, kutseka, n'kuwayandamitsa. Madzi otentha osawathira mwachindunji. Chakudya ndimachepetsanso, chifukwa fyuluta imakhala itaima. Tsiku lina anathima usiku wonse mpaka madzi kutsika pa 20, ndipo patapita masiku nsomba ziwiri zinatuluka timadontho toyera n'kumadzikhula pamiyala. Matenda amenewa amakonda kugwira nsomba zimene zafooka ndi kuzizira kwadzidzidzi. Ndinakweza pang'onopang'ono kufika pa 28 pamodzi ndi mankhwala ake, zinachira. Apa m'pamene kukonza kuja kunapindula, chifukwa 28 wa pahita anali 28 wa m'madzi.

Za mayunitsi ndinazimva kwa mayi a kunyumba ndisanawerengere n'komwe. Mawati 150 akayaka maola 10 ndi yuniti imodzi ndi theka, pamwezi mayunitsi 45, ndipo mu Julayi inkapitirira pamenepo. Pofika Okutobala kanyali kankangoyaka chakum'mawa basi.

Zimene zakalamba ndi zing'onozing'ono. Timphira tomatira kugalasi tauma, kamodzi kanasiya ndipo ndinapeza hita itagona pamchenga. Pagalasi pamamera zoyera zolimba za laimu, zimene zimachoka mukaiviika mu viniga itazizira, n'kutsukuluza bwino. Kopotokola kalimba, kamafuna zala zouma. Nditayesanso mu Okutobala ndinapeza yasuntha ndi theka la digiri, ndinabweza kamkombero. Posintha madzi ndimazula pulagi mphindi 15 ndisanayambe kupungula, chifukwa galasi lotentha likatuluka m'madzi n'kukhudzidwanso ndi ozizira limasweka. Ndimazulanso nthawi iliyonse dzanja likamalowa m'thanki, ndipo chingwe chimayamba chalendewera pansi chisanakwere ku soketi kuti dontho lisatsatire chingwe kukalowa m'magetsi. Tsiku limene ndidzaone madontho a madzi mkati mwa galasi lake, ipita kudzala osakambirana.

Ndingaigulenso, koma osati yokha. Kwa wa ku Dedza, Lizulu kapena Tsangano amene ali ndi thanki ngati yangayi, ndingati agule ziwiri za mawati 100 m'malo mwa imodzi yaikulu. Mphamvu zimakwana mu Juni, ina ikafa inzake imagwirizira, ndipo ngati kachitsulo kaja katamatirira osadulanso magetsi, monga zimachitikira mahita akakalamba, yaing'ono siingaphike nsomba msanga musanazindikire. Iliyonse muikonze payokha, inzake ili yozula, apo ayi simudziwa kuti yazimitsa ndi iti. Ine ndiwonjezera ya mawati 100 mu Epulo, kuzizira kusanayambe, ndipo idzadutsa kaye pa themometa ya batire ija isanalowe ntchito.