Linux Mint pa laputopu yanga yakale, m'kashopu kotaipa ku Chilenje

Ntchito yanga ndi yotaipa. Ndili ndi kashopu ku Chilenje, kufupi ndi msika, ndipo chimene chimandidyetsa ndi makalata ofunsira ntchito, ma CV, mapulogalamu a maliro, makadi a ukwati ndi a kitchen party, komanso ntchito za ana a ku koleji amene amathamangira kuno tsiku lomaliza, thukuta lili kamukamu. Za makompyuta sindinaphunzire kupitirira kutaipa. Choncho zimene ndilembe pano ndi za munthu amene amakhala pa kiyibodi kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka dzuwa kulowa, osati za katswiri.

Laputopu yanga ndinaigula yogwiritsidwapo kale ntchito mu 2024, chaka chija madzi anachepa ku Kariba magetsi n'kumazima tsiku lonse. Kompyuta yaikulu ya patebulo inasanduka poika maluwa, ndiye ndinafuna chinthu cha batire. Ili ndi 4GB ya RAM basi. Inanditumikira bwino ndi Windows 10, mpaka pamene Microsoft inasiya kutumiza zokonza za Windows 10 pa 14 October 2025. Windows 11 imafuna purosesa yatsopanoko ndi kachipangizo ka chitetezo kotchedwa TPM 2.0, ndipo yangayi ilibe. Ndinakwera basi kupita m'tauni, ndinazungulira mashopu a mu Cairo Road kufunsa mitengo ya laputopu ina, ndinabwerako ndi mutu wopweteka komanso chikwama changa chili chitsekere.

Amene anandipulumutsa ndi mwana wa mlongo wanga, amene akuphunzira za makompyuta ku UNZA. Anabwera Loweruka ndi flashi m'thumba.

"Azakhali, musataye ndalama. Makinawa akadali ndi moyo, kungoti akufuna zovala zina."

"Iwe, zovala zakezo ndi zingati?"

"Zaulere."

Ndinamuyang'ana. Mu Lusaka muno munthu akakuuza kuti chinthu n'chaulere, umayamba wagwira kaye chikwama. Koma anandionetsa chinthu chimene chinandikhazika mtima pansi: Linux Mint, pulogalamu yoyendetsa kompyuta imene imalowa m'malo mwa Windows, umatha kuiyatsa kuchokera pa flashi pomwepo, kuiyesa, kutaipapo, kulowa pa intaneti, popanda kukhudza chilichonse cha mu kompyuta. Ukazula flashi, zako zakale zonse zili momwemo. Ndinaiyesa masana onse, makasitomala awiri ndinawataipira makalata ali chikhalire osadziwa kanthu. Madzulo tinakopera mafayilo anga onse pa diski ina, ndipo anaiika. Mint ilipo ya mitundu itatu, Cinnamon, MATE ndi Xfce, iye anasankha Xfce poti ndi yopepuka kwa makina okalamba. Ndi Mint 22, imene akuti izilandira zokonza mpaka 2029.

Maonekedwe ake sanandisokoneze. Batani la menyu lili pansi kumanzere pamene dzanja linazolowera, wotchi kumanja, mafoda ali ngati mafoda. Imayaka msanga, ndipo fani ija inkalira ngati chigayo cha dizilo tsopano imangonong'ona. Apa palibe zambiri zonena.

Zonena zili pa maflashi.

Amene sanagwirepo ntchito m'shopu ngati yanga sangamvetse kuti flashi ya kasitomala ndi chinthu choopsa bwanji. Flashi imodzi yalowa m'kompyuta ya ku ofesi, ya ku sukulu, ya m'bale wake, ya mnyamata woika nyimbo pamsika, kenako ikubwera kwa ine. Kale mwezi sunkatha ndisanalowetse kachilombo. Kofala kwambiri ndi kaja kamene kamabisa mafayilo enieni n'kusiya timashotikati tooneka ngati mafoda ako. Ukangodina, kalowa m'kompyuta, ndipo flashi iliyonse yobwera pambuyo pake yatenga matenda. Ndinkalipira pulogalamu yoteteza chaka ndi chaka, iyonso n'kumalemetsa makina mpaka kalata ya tsamba limodzi kudikira ngati uli pamzere wa ku chipatala.

Tizilomboti tinalembedwera Windows. Pa Linux timangokhala ngati nsomba pamchenga, sitingayende. Ndipo chizindikiro chija chimene timaika pa mafayilo kuti asaoneke, kuno sichibisa kanthu. Tsiku lina kunabwera mayi wina, mphunzitsi wa ku pulayimale, maso ali ofiira. Anati mayeso onse a kumapeto kwa temu amene anakhala akulemba masabata atatu asowa, pa flashi pangotsala timashotikati. Anali atapita kale malo awiri, kwina anamuuza kuti angoipukuta yonse.

"Amayi, khalani pansi kaye," ndinatero, "tione."

Nditailowetsa, mafoda ake onse anali mbwee, mayeso a masamu, a sayansi, a Cinyanja, pambali pake timafayilo tachilendo ta kachilomboko. Ndinakopera zake, ndinafufuta zonyansazo, ndinamubwezera. Mayi uja anaimirira n'kuyamba kuvina m'kashopu mopanikiza muja, mpaka anagwetsa bokosi la mapepala. Mawa lake ananditumizira mbatata ndi mwana. Kuyambira pamenepo mbiri yafalikira kuti kwa amayi a pakona amadzutsa maflashi akufa, ndipo ndimalipiritsa kangachepe. Sindinaganizepo kuti ndidzapeza ndalama m'njira imeneyi.

Koma pali msampha, ndipo mwana wa mlongo wanga uja anandichenjeza. Kachilombo kakalephera kundidwalitsa ine sikuti kafa. Ndikakopera fayilo yodwala kuchoka pa flashi ina kupita pa ina, ndakhala ngati ntchentche yonyamula matenda ine osadwala. Ndiye ndimayang'ana kaye, chilichonse chothera ndi .exe, .vbs kapena .lnk chimene mwini wake sakuchidziwa ndimachichotsa ndisanachite china.

Potaipa ndimagwiritsa ntchito LibreOffice Writer, imene imabwera kale mkati. Inayamba mu 2010 pamene gulu lina la anthu linapatuka ku pulogalamu ina yofanana nayo yotchedwa OpenOffice, ndipo amaiyang'anira ndi a The Document Foundation a ku Germany. Imatsegula mafayilo a Word, imasunganso monga .docx. Sabata yoyamba manja ankasochera, ndinkafuna batani pamene palibe, ndipo ndinatukwana chamumtima kangapo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Lero ndimataipa liwiro langa lakale.

Ndinapsapo kamodzi, ndipo kulakwa kunali kwanga. Mnyamata wina anabweretsa CV yake ya masamba awiri kuti ndingosintha nambala ya foni n'kupulinta. Sindinayang'ane, ndinangodina. Inatuluka masamba atatu, lachitatu lili ndi mzere umodzi wokha, dzina la munthu womuchitira umboni lili lokhalokha ngati mwana wamasiye. Chifukwa chake n'chakuti iye analemba ndi zilembo za Calibri, zimene ndi za Microsoft ndipo sizibwera ndi Linux, ndiye makina anasankha zina zonenepako. Mankhwala ake alipo: pali zilembo zaulere zotchedwa Carlito zimene zinapangidwa mulingo wofanana ndi Calibri, ndi Liberation zimene zimalowa m'malo mwa Arial ndi Times New Roman. Titaika Carlito vutolo linachepa kwambiri. Komabe makalata okhala ndi matebulo ambiri ndi zithunzi zopiringizana ndimawaona kaye ndisanapulinte, ndipo makasitomala onse ndimawauza kuti chimene chatha kulembedwa azibwera nacho monga PDF. Nanenso ndikamaliza ntchito ndimapereka ziwiri, ya .docx ndi ya PDF, poti batani lake lili pamwamba pomwepo.

Makadi a ukwati ndiye pamene mtima ukadali kumbuyo. Ndinali ndi pulogalamu imene ndinaizolowera zaka zambiri, maluwa ndi mafelemu zonse zili m'manja, ndipo pa Linux siyenda. Mwana wa mlongo wanga anandiikira mapulogalamu ena opangira makadi, Inkscape ndi Scribus. Ndikuona kuti ndi zamphamvu, mwina kuposa zimene ndikufunikira, koma khadi limene ndinkamaliza pa mphindi 20 limanditengera ola. Alangizi a mkwatibwi sadikira ola. Ngati ntchito yanu yaikulu ndi makadi ndi mabanala, musathamange.

Mapulogalamu a maliro ndi a tchalitchi ambiri ndimataipa m'chinenero chathu, ndipo tsamba lonse limadzaza mizere yofiira poti makina akuyesa kuti ndikulakwitsa Chingerezi. Shift ndi F7 imazimitsa zimenezo. Chimene ndinakondwera nacho ndi ŵ. Akuluakulu ena, makamaka obwera ndi nyimbo za m'buku lakale, amafuna kachipewa kaja pa w, ndipo kale ndinkachita kukasaka m'ndandanda wa zizindikiro. Pano tinasankha batani limodzi kukhala lophatikizira zilembo, amati Compose. Ndikalidina, kenako ^ ndi w, ŵ watuluka. Za c ndi ch makina sangandithandize. Ife a kuno tinaphunzira kulemba "cifukwa", abale a ku Malawi amalemba "chifukwa", ndipo pa maliro a banja la mbali zonse ziwiri ndinapulintapo kawiri chifukwa amalume a ku Katete ndi azakhali a ku Mchinji sanagwirizane.

Pulinta yanga yaikulu inangogwira nditangolumikiza chingwe, popanda CD, popanda chilichonse. Sikana yakale ndiye inatidyera Loweruka lathunthu, mnyamata akulemba zinthu pa windo lakuda lija amati terminal, ine ndikumuphikira nsima. Inagwira pamapeto pake. Ndikanakhala ndekha sindikanaitha, ndipo ichi ndi chimene ndimauza aliyense wondifunsa: musanaike, yesani pulinta ndi sikana yanu pa flashi paja.

Za bandulo: zokonza zikabwera kachishango kakang'ono pansi kamangosintha maonekedwe, n'kudikira. Ndimasankha ndekha tsiku, kawirikawiri usiku ndikagula bandulo yotchipa, ndipo imandionetsa kukula kwake ndisanayambe. Sinayambe yazimapo yokha kasitomala ali chiimire.

Funso limene linandivuta masiku oyamba ndi lakuti, kodi anthu opanga zinthu zaulerezi amadya chiyani? Mnyamata anandifotokozera kuti mtima wa Linux anauyamba Linus Torvalds, wophunzira wa ku Finland, mu 1991, n'kuusiya poyera kuti aliyense aone mmene unalembedwera, akonze, agawire ena. Mint inayamba mu 2006 ndipo inamangidwa pamwamba pa Linux ina yotchedwa Ubuntu, imene anaiyambitsa Mark Shuttleworth wa ku South Africa mu 2004. Dzina lakuti Ubuntu ndi umunthu wathu womwewu. Mint imayendera kwambiri zopereka za anthu oigwiritsa ntchito. Ine ndinazimvetsa pokumbukira nkhokwe ya amayi anga ku Katete. Chimanga cha makolo umasankha ngala zabwino, umapachika pamwamba pa moto, chaka chamawa wabzala, mnansi akapempha wamupatsa, iyenso adzapatsa wina. Mbewu ya m'sitolo imabereka bwino, sindikana, koma chaka chilichonse ubwerere ndi ndalama. Zonse ziwiri ndi chimanga. Kungoti cha makolo chimafuna kuti pamudzi pakhale wina wodziwa kusankha mbewu.

Pa intaneti ndimalowera Firefox, ndipo mnyamatayo anandiikira DuckDuckGo kuti ndizifufuzira m'malo mwa Google, ati siisunga mbiri ya zimene munthu wafufuza. Poyamba ndinaseka dzinalo, bakha walowa bwanji m'nkhani za sukulu. Koma ndinaganiza za ntchito yanga. Pa makina amenewa anthu amandipempha kuwafufuzira za matenda amene sanauze ngakhale amuna awo, za ngongole, za maloya a milandu ya malo. Si bwino kuti zonsezo ziunjikane pa akaunti yanga, mawa kasitomala wina aone malonda a mankhwala akutsatira pa sikirini. Ndiye bakhayo ndinamusunga. Ndikafuna mafomu, tanthauzo la mawu kapena kalembedwe ka kalata, amandikwanira. Ndikafuna malo a mu Lusaka muno, ofesi yakuti ili msewu uti ku Longacres kapena ku Ridgeway, ndimapita ku Google ndi mapu ake. Njira yachidule ilipo: ukayamba ndi !g m'bokosi la DuckDuckGo amakuponyera ku Google, !w amakuponyera ku Wikipedia. Ukafufuza m'Chichewa, kulikonse kumene ungapite, zobwera zambiri ndi nkhani za ku Malawi ndi mabuku a mipingo. Zathu za kuno timazilankhula m'mabasi ndi pa WhatsApp, sitizilemba poti makina angazipeze.

Mayi wa shopu ya mafotokope ku Kabwata, mnzanga wa m'chilimba, wakhala akundiumiriza kuti mwana wa mlongo wangayu akamuikirenso Linux Mint. Ndamuuza kuti abwere kaye adzakhale pa makina anga tsiku limodzi lathunthu, ataipe makalata enieni, apulinte, akwiye, ndiyeno asankhe. Mnyamatayo amaliza sukulu chaka chamawa ndipo akulankhula za ntchito ku Copperbelt. Ndayamba kumukhazika pansi Loweruka lililonse kuti andionetse chimodzichimodzi, ine ndikulemba kumapeto kwa buku langa la ngongole: mmene ungabwezere makina mmbuyo ndi Timeshift zikasokonekera, mmene ungaikire zilembo zatsopano, mawu aja analemba kuti sikana igwire. Tafika tsamba lachinayi. Flashi ija anabwera nayo ndinamulanda, ili pa msomali kuseri kwa kalendala.