Fender yopangidwa zochepa, Squier kapena Yamaha Pacifica: iti yoyenera woimba gitala ku Mzuzu?

Fender imatulutsa nthawi zina magitala owerengeka otchedwa FSR (Fender Special Run) kapena Limited Edition, ndipo akatha nthawi zambiri sapangidwanso. Ambiri mwa iwo amakhala Stratocaster kapena Telecaster ya gulu la Player yochokera ku fakitale ya ku Ensenada, Mexico, yongosinthidwa utoto, thabwa la pakhosi kapena ma pickup (timaginito totola kulira kwa nsambo). Ndalama yogulira imodzi yotereyi ingakugulireni Yamaha Pacifica 112V ziwiri, chenji n'kutsala. Squier Classic Vibe (Squier ndi dzina la magitala otsika mtengo a kampani ya Fender) ili pakati pa ziwirizi pa mtengo.

Choyamba funsani kuti chasinthidwa n'chiyani. Ngati ndi utoto wokha, mukulipira maonekedwe basi, chifukwa kulira kwake n'chimodzimodzi ndi Player wamba. Ngati aika ma pickup a gulu lapamwamba kapena khosi la mapulo wowotcha, pamenepo pali phindu lenileni. Mtengo wowotcha suyamwa chinyezi kwambiri, ndipo kuno zimenezo ndi nkhani yaikulu. Mzuzu ili pamtunda wa mamita oposa 1,200, mvula imapitirira mpaka Epulo ndi Meyi, Juni ndi Julaye kumakhala nkhungu ndi mawawa, kenaka Okutobala kumauma gwa. Khosi la gitala limapindika ndi kusintha kumeneku. Kukauma thabwa limanyala, nsonga za ma fret (tizitsulo topingasa pakhosi) zimatuluka m'mbali n'kumakanda zala.

Khosi likapindika limakonzedwa pa chitsulo cha mkati mwake, ndipo apa kusiyana kwa magitalawa kumaonekera. Fender ya ku Mexico imafuna kiyi wa mainchesi, 3/16, pomwe Squier ndi Yamaha zimayendera makiyi a mamilimita amene amapezeka mosavuta m'mashopu a hadiweya m'tauni. Mukakakamiza kiyi wosakwana bwino, mutu wa chitsulocho umadyeka, ndiye khosi lonse lalowa m'mavuto. Poyeza, dinani nsambo yaikulu pa fret yoyamba ndi yomaliza, muone mpata pa fret ya 8: ukhale pafupifupi 0.25 mm. Potembenuza musapitirire kota imodzi pa nthawi, ndipo dikirani khosi likhazikike musanapitirize.

Pa kulira, ganizirani za malo amene mumaimbira. Stratocaster ya ma pickup atatu a koyilo imodzi imamveka bwino kwambiri pa rumba, pa rege ndi pa nyimbo zauzimu zofuna mawu oyera. Vuto lake ndi phokoso la magetsi a 50 Hz, lomwe limakula m'matchalitchi ndi m'maholo momwe waya wa earth sanalumikizidwe bwino, kapena mukamayendera jenereta. Malo a 2 ndi 4 pa switchi yosankhira ma pickup amachepetsa phokosolo, koma 1, 3 ndi 5 amalisiya. Fender yodula ndi Squier zonse zimavutika mofanana pamenepa. Pacifica 112V ili ndi humbucker (pickup ya makoyilo awiri) kumbuyo, yomwe imakhala chete, ndipo mukakoka batani la tone imasanduka koyilo imodzi. Kwa woimba Lamulungu ku Katoto, Loweruka pa ukwati ku Luwinga, usiku ku Nkhata Bay, gitala imeneyi imakwanira ponseponse.

Squier Classic Vibe imaposa Pacifica pa kamvekedwe kachikale ka Fender, koma switchi, jeki ndi mapoti ake (tizipangizo ta pansi pa mabatani a volume ndi tone) ndi otsika. Ubwino wake ngwakuti n'zosavuta kusintha: poti ya 250k pa koyilo imodzi, 500k pa humbucker, ndipo aliyense wokonza mawailesi wodziwa kuwotcherera angakuikireni. Chenjezo ndi lakuti mabowo a Squier ndi a mamilimita, ndiye poti ya ku America imafuna kukulitsa bowo pang'ono.

Tsono nkhani yogulitsanso, imene amalonda amaikokomeza. Gitala yopangidwa zochepa imasunga mtengo kumene kuli anthu osonkhanitsa magitala, ndipo amafuna yopanda chipsera, yokhala ndi bokosi ndi mapepala ake. Kuno wogula amayang'ana ngati ikulira ndi ngati khosi lili lowongoka, za kuchepa kwake salipira. Gitala yoyenda pa kabaza ndi m'minibasi ya ku Ekwendeni siingakhale yopanda chipsera chaka chonse. Onjezerani ndalama yotumizira kuchokera ku Johannesburg kapena Dar es Salaam, msonkho wa MRA pa chipata, ndi kuvuta kwa ndalama zakunja komwe kunalipo ngakhale kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Zonsezi zimakwera limodzi ndi mtengo wa katunduyo.

Palinso zabodza. Dzina la Fender limamatidwa pa magitala otchipa, ndipo mawu akuti "yosowa" ndiwo nyambo. Ya ku Mexico ya zaka zino nambala yake imayamba ndi MX kuseri kwa mutu, manambala awiri otsatira ndi chaka. Ifufuzeni pa tsamba la Fender musanatumize ndalama, ndipo pemphani chithunzi cha mutu, cha mlatho (pokhala nsambo pa thupi la gitala) ndi cha mkati mwa ma pickup.

Woimba amene gitala ndiyo ikumudyetsa atenge Pacifica kapena Squier, ndalama yotsala agulire amplifaya ya 230 V, bokosi lolimba ndi mapaketi angapo a nsambo za saizi ya 10-46, poti chinyezi cha kuno chimazichititsa dzimbiri msanga. Fender yopangidwa zochepa ndi ya amene ali kale ndi gitala yogwirira ntchito, ndipo waigwira m'manja n'kumva kuti khosi lake ndi ma pickup ake akusiyanadi ndi Player wamba.