Iaito yotchipa ya ku Seki: mmene ndaionera nditaigwiritsa ntchito

Lupanga ili ndakhala ndikuphunzirira nalo iaido, luso la ku Japan losolola lupanga, kudula ndi kulibweza m'chimake, kuyambira chaka chatha kuno ku England, ndiye ndati ndilembeko zomwe ndaona chifukwa anthu ongoyamba kumene amafunsa kwambiri kuti tigule liti lotchipa koma loti silitipweteka. Ndi iaito, lupanga lobuntha lophunzirira, yopangidwa ku Seki, chigawo cha Gifu ku Japan, tauni yodziwika ndi amisiri osula mipeni ndi malupanga kuyambira kalekale. Ndinasankha yotsikitsitsa mtengo pa zonse zomwe ogulitsa anali nazo, mapaundi 300 ndi kanthu, kenako ikulowa m'dziko muno panabweranso VAT ya 20%, ndiye powerengera ndalama zanu muikepo imeneyo.

Lupangali ndi lobuntha ndipo silinoleka olo mutayesa bwanji. Amasakaniza zinki ndi aluminiyamu n'kukutira chrome pamwamba, paja ku Japan lamulo la 1958 la mfuti ndi malupanga ndi lokhwima kwambiri pa malupanga achitsulo. Ena akamva kuti ndi lobuntha amati ndiye wagula choseweretsa eti, koma pa noto, pamene ukubweza lupanga m'chimake osayang'ana, limadutsa pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala cha dzanja lamanzere ndipo wophunzira aliyense limamukhudza ndithu miyezi yoyambayo. Likanakhala shinken, lupanga lenileni lakuthwa, bwenzi magazi ali mbwee pansi mu dojo, holo yomwe timaphunziriramo.

Chomwe chandisangalatsa kwambiri ndi chigwiriro, tsuka ija. Ulusi wake ndi wathonje, si silika ayi, koma anakulunga mothina zedi, ukaukankha ndi chala susuntha olo pang'ono, panopa wada ndi thukuta pomwe pamagwira dzanja lamanja koma sunamasuke. Chomwe chagwira lupanga lonse m'chigwiriromo ndi kachikhomo kansungwi, mekugi, kamene kamapyola pa bowo la nakago, mchira wa lupanga wolowa m'chigwiriro, ndipo ine ndimakayang'ana nthawi iliyonse tisanayambe chifukwa kakaguluka lupanga limauluka kupita kwa mnzako amene wagwada kutsogolo kwako. Apa m'pamene ndikukupemphani abale, malupanga onyezimira a stainless steel aja amagulitsa motchipa pa intaneti okhala ndi zinjoka pachimake musawaguliretu kuti muziphunzirira. Ambiri mkati mwa chigwiriro muli kachitsulo kowonda kowotcherera basi, ukangovungumiza mwamphamvu kamathyoka pomwe anawotchererapo. Amenewo ndi opachika pakhoma.

Kutalika amayeza ndi shaku, imodzi ndi masentimita 30.3. Ine msinkhu wanga ndi masentimita 172 ndipo a sensei, aphunzitsi athu, anandiuza kuti nditenge 2.45, kutanthauza pafupifupi masentimita 74, ndipo landikwana bwino. Likatalikitsa umavutika kusolola, umayamba kupendama thupi ndi kukoka phewa ndiye chizolowezi choipacho chimakukanirira. Afunseni aphunzitsi anu musanaode, masukulu ena amakonda lalitali ena lalifupiko. Kulemera ndi magalamu 800 ndi pang'ono, mkono sutopa msanga olo mubwereze makata 12 a seitei, mayendedwe oikika aja amene timaphunzira, madzulo onse. Lili ndi kangalande m'mbali mwake, bo-hi, ukadula mowongoka limalira kuti fyuu ngati mluzu, ukapotoza dzanja pang'ono limangoti zii. Kwa munthu wophunzira payekha kunyumba zimenezi zimathandiza kwabasi.

Zosakondweretsa zilipo. Pakamwa pa chimake panakula patapita miyezi ingapo mpaka lupanga linayamba kutsetsereka lokha ndikawerama, ndinamatamo kachipapati kathabwa kopyapyala ndi guluu ndipo linayambanso kugwira bwino, koma ndimayembekeza kuti papita nthawi yotalikirapo zisanafike pamenepo. Chingwe cha pachimake, sageo, chinabwera cholimba gwa, chovuta kumanga pa hakama, thalauza lotakasuka lomwe timavala pophunzira. Mzere wa hamon, wooneka ngati mafunde m'mbali mwa lupanga, ndi wongokongoletsa, musalipire ndalama zowonjezera chifukwa cha umenewo, bola ndalamazo zipite ku chigwiriro chabwino. Kudikira kuti lifike nakonso kunali kwa masabata angapo.

Musamenyanitse ndi lupanga lina kapena kudulira nalo chilichonse, limapindika kapena kuthyoka kumene, zomenyanitsa ndi za bokuto lathabwa. Ufa wa uchiko wopukutira malupanga achitsulo musathirepo umakanda chrome, kansalu kofewa ndi timadontho ta mafuta opakira malupanga a choji ndi zokwanira. Amene muli ku England dziwaninso kuti kuyambira 2008 malupanga okhota a masentimita 50 kapena kuposa ali ndi lamulo lake, ndiye ogulitsa amafuna umboni woti muli m'bungwe lokhala ndi inshulansi ngati British Kendo Association, lowani kaye kalabu musanaode.

Ndikulipatsa nyenyezi 4 pa 5, imodziyo ndachotsa chifukwa cha chimake chija. Ngati cholinga chanu ndi tameshigiri, kudula mikeka ya tatami, ili si lanu, mufunika lachitsulo lakuthwa ndipo a sensei ndi amene adzakuuzeni kuti nthawi yake yakwana.