Remington 870 kapena Mossberg 500?

Mfuti zonsezi ndazigwiritsapo ntchito koma ine mtima uli pa Mossberg 500 basi. Remington 870 ija inatuluka mu 1950, thupi lake lapakati ndi lachitsulo, imalemerako ndithu koma ukamakoka pampu (chogwirira chakutsogolo chokhokhera mfuti) imayenda myaa, nchifukwa chake alenje ambiri akale safuna kumva za ina. Mossberg thupi lake lapakati ndi la aluminiyamu, ndi yopepukirapo, kungoti ukaigwedeza imachita kaphokoso, ena zimawanyansa.

Chinandikopa ine pa Mossberg ndi sefite (kotsekera kuti mfuti isawombe mwangozi), ili pamwamba pomwe chala chachikulu chimafika, ife amanzere sitivutika olo pang'ono, pomwe ya 870 ndi kabatani kumbuyo kwa trigger (pokoka ndi chala powomba). Komanso polowetsa zipolopolo pansi pa Mossberg pamakhala potseguka, chala sichipanika ngakhale utavala magolovesi.