Azgaar's Fantasy Map Generator: imamanga dziko ndi mitundu yake, koma nthano ndi mbiri mulemba nokha

Nyenyezi 4 pa 5. Pulogalamuyi ndi yopanga mapu a mayiko opeka. Ndi yaulere, imatseguka mu browser, ndipo simufunika kulembetsa kuti muyambe. Ndi ya anthu opeka mayiko awoawo: olemba nkhani, otsogolera masewero a pa tebulo, ndi aliyense amene ali ndi mafumu, milungu ndi nkhondo m'mutu koma akusowa poziika. Pa ntchito yokhazika mitundu ya anthu pamalo omveka, imakhoza kwambiri. Nyenyezi yachisanuyo ndaimana chifukwa cha mbiri. Imakuonetsani dziko mmene lilili tsiku limodzi, osati mmene linafikira pamenepo.

Kuti muigwiritse bwino, mudziwe kaye mmene imaganizira. Mapu onse imawadula tizigawo ting'onoting'ono, 10,000 mukangotsegula, ndipo mutha kukweza mpaka 100,000. Kagawo kalikonse kali ndi msinkhu wake, kuyambira 0 mpaka 100. Pansi pa 20 ndi madzi, kuyambira 20 ndi mtunda. Ikamaliza mtunda imawerengera kutentha, kenako mvula potengera kumene mphepo ikuchokera, madzi n'kutsikira kuchigwa kukapanga mitsinje ndi nyanja. Kenako imaona pamene pangamere nkhalango, pamene pangakhale chipululu, ndi pamene munthu angakhale n'kumadya. Anthu, mizinda, mayiko ndi zipembedzo zimabwera pamapeto. N'chifukwa chake mizinda ikuluikulu mumaipeza pamathiriro a mitsinje ndi pamadooko, osati pamwamba pa phiri louma. Tizigawo 10,000 kapena 20,000 n'tokwanira buku lathunthu. Kukweza kwambiri kumangolemetsa kompyuta, nkhani siiwonjezeka.

Inunso mutsate ndondomeko yomweyo, chifukwa apa ndi pamene ambiri amagwa. Sankhani kaye maonekedwe a mtunda: Continents ngati mukufuna zigawo zikuluzikulu zolekanitsidwa ndi nyanja, Archipelago ngati mukufuna zilumba, Pangea ngati mukufuna mtunda umodzi waukulu, Mediterranean ngati nkhani yanu ndi ya mitundu yozungulira nyanja imodzi. Chilichonse chimene mwachikonda m'Options, dinani kaloko kali pambali pake kuti chisasinthe mukapanga mapu ena. Mukatero konzani gombe ndi mapiri mpaka mutakhutira, musanalembe dzina ngakhale limodzi.

Chifukwa chake n'chakuti mukafuna kusintha mtunda pambuyo pake, pulogalamu imakufunsani njira zitatu. Erase imakulolani kusintha chilichonse, koma imafafaniza mitundu, mayiko, mizinda ndi zipembedzo n'kupanga zatsopano. Keep imasunga ntchito yanu, koma gombe silisuntha. Risk imayesa kuchita zonse ziwiri, ndipo dzinalo likunena lokha: zina zimatha kusokonekera. Munthu amene watchula mizinda 60 mayina kenako n'kufuna kuika chilumba chatsopano amakhala pamphambano yovuta.

Mbali ya mitundu ya anthu ndiyo imandisangalatsa kwambiri. Mtundu uliwonse umapatsidwa khalidwe malinga ndi pamene wayambira: a m'mphepete mwa nyanja, a kumtsinje, a kumapiri, osamukasamuka, alenje, ndi wamba. Khalidweli si lokongoletsera. Mtundu wa kunyanja umafalikira motsata gombe ndipo kuwoloka madzi sikuuvuta, pamene wa kumapiri umakangamira kumtunda. Palinso nambala ya expansionism, yosonyeza dyera la malo: mukaikweza, mtunduwo umameza anzake. Mayiko nawo amakula kuchokera ku likulu, ndipo kukula kumavuta akafika paphiri kapena pamalo a mtundu wina. Malire ake amaoneka ngati anachita kulimbirana, osati kujambulidwa ndi rula.

Chitani izi: yatsani Cultures (yoonetsa mitundu ya anthu pa mapu) ndi Borders (yoonetsa malire) nthawi imodzi, mayiko mutawazimitsa utoto. Mudzaona malo amene mzere wa dziko wadula mtundu umodzi pakati, kapena kumene ufumu umodzi wakumbatira mitundu itatu. Mbiri yanu ili pamenepo. Anthu a chinenero chimodzi akupereka msonkho kwa mafumu awiri odana: ndani anagonja, liti, ndipo agogo awo amanena kuti chinachitika n'chiyani? Funso lililonse lotere limabala chaputala. Ine ndimalangiza mitundu 5 mpaka 7 ndi mayiko 8 mpaka 12. Kupitirira apo wowerenga sasunga, ndipo wolembayo amayamba kupatsa mayiko ena mbendera yokha popanda moyo.

Mayina afunika kuwaikira mtima. Pulogalamu imabwera ndi nkhokwe za mayina zotengedwa ku zinenero zenizeni, monga Chijeremani, Chigiriki, Chiarabu, Chijapani ndi Chiswahili, kuphatikizapo za mitundu yopeka ya m'nthano monga ma elf, ma dwarf ndi ma orc. Mukazisiya choncho, dziko lanu limamveka ngati lathu lomwe lino lovala chigoba. Tsegulani Namesbase Editor, onjezani nkhokwe yanu, lembani mayina olekanitsa ndi makoma (,). Pulogalamu imawaduladula m'maphatikizo n'kumalumikiza mwatsopano, choncho imafuna zitsanzo zambiri. Osakwana 30 imangokubwezerani omwewo kapena ofanana nawo kwambiri. Kuyambira 100 m'pamene mumayamba kumva chinenero. Ikaninso malire a kutalika kwa dzina, mwachitsanzo zilembo 4 mpaka 9, kuti musalandire mayina osatchulika. Ndipo dziwani kuti kupatsa mtundu nkhokwe yatsopano sikusintha mayina a mizinda imene ilipo kale. Muyenera kudina batani lopanganso mayina a mizinda ya mtunduwo, mutatseka kaye ndi kaloko mizinda imene munaitchula nokha.

Pa zipembedzo, magulu ndi anayi: cha makolo cha mtundu uliwonse, chokhazikika chokhala ndi likulu lake, kagulu kachinsinsi, ndi mpatuko. Chilichonse chimabwera ndi dzina, ndipo zambiri zimakhala ndi dzina la mulungu ndi chitamando chake. Basi. Mulibe nthano ya chilengedwe, mulibe zoletsa, mulibe chifukwa chimene anthuwo amaikira maliro moyang'ana kumadzulo. Ena amakhumudwa nazo, koma ine ndimaona kuti n'zoyenera, pakuti nthano yopangidwa ndi makina siingagwirizane ndi nkhani imene muli nayo mumtima. Chothandiza kwambiri ndi mtengo wa chibale, woonetsa chipembedzo chimene chinatuluka mwa chinzake, ndipo mutha kusintha nthambi zake. Mpatuko uliwonse muupezere chinthu chimodzi chenicheni chimene anakanganirana: ndani woyenera kupereka nsembe, kapena tsiku limene chaka chimayamba.

Nthano zitengeni pa nthaka yomweyo. Yatsani Markers ndipo mudzaona mapiri ophulika, akasupe otentha, mabwinja, mabwalo a nkhondo zakale, migodi ndi zilombo za m'nyanja. Chizindikiro chilichonse chili ndi kalemba kake kamene mungafufute n'kulemba zanu. Tengani phiri lophulika lokhala pakati pa mitundu iwiri, muone kumene mphepo ikulowera. A mbali yogwa phulusa, amene midzi yawo inakwiririka, adzalitcha nyumba ya mulungu waukali wofuna nsembe. A mbali inayo, amene anangoona moto usiku ali patali ndipo amapita kukatola miyala yakuda yosemera mipeni, adzati ndi ng'anjo ya kholo lawo losula. Chochitika n'chimodzi, nthano ziwiri, ndipo muli kale ndi chifukwa chimene mitunduyi imanyozerana miyambo. Dziko limene aliyense amakhulupirira nthano imodzimodzi ya chilengedwe silikhutiritsa.

Tsopano mbiri, pamene pali chilema chija. Mutha kulemba chaka ndi dzina la nyengo. Diplomacy Editor imaonetsa ubale wa dziko lililonse ndi linzake: abwenzi, okayikirana, opikisana, adani, kapena lina kukhala pansi pa linzake, ndipo imalemba timizere tochepa ta nkhondo zimene zinachitika. Zones zimajambula nkhondo yolowa m'dziko, kuukira, mliri, chigumula. Zonsezi ndi za nthawi imodzi. Palibe chosuntha kuti muone malire zaka 300 zapitazo.

Njira yozungulira vutoli ndi kukhala ndi fayilo yakeyake ya nyengo iliyonse. Yambani ndi nyengo yakale kwambiri, mayiko ochepa, malo ambiri opanda mwini. Sungani. Tsegulani fayilo yomweyo, gawani ufumu waukulu, pentani malire atsopano ndi burashi ya mu States Editor, sandutsani mizinda ina mabwinja, sinthani chaka, n'kusunga ndi dzina lina lokhala ndi chakacho. Nyengo 3 kapena 4 zimakwana. Koma mafayilowa sadziwana: mukasuntha mtsinje m'fayilo yoyamba, m'zinazo susuntha. Apanso mukuona ubwino womaliza mtunda poyamba. Ndandanda ya mafumu ndi zaka zawo isungeni kwina, papepala kapena mu spreadsheet. Ziwerengero za mayiko ndi mizinda zimatuluka ngati CSV, fayilo yotseguka mu spreadsheet, choncho kuziphatikiza sikuvuta. Yang'ananinso Units Editor, pamene pali miyeso ya kutalika kwa ulendo ndi chiwerengero cha anthu, musanalembe za nkhondo, chifukwa chiwerengero cha asilikali chimachokera pa chiwerengero cha anthu, ndipo mtunda wa pa mapu ndi umene ungakuuzeni ngati gulu lankhondo lingafikedi ku likulu la adani m'sabata imodzi.

Posunga, musadalire browser yokha. Mukachotsa zosungidwa zake, dziko lanu limapita nazo. Tsitsani fayilo ya .map pa kompyuta nthawi iliyonse mukamaliza gawo lalikulu, ndipo kope lina liikeni kwina, monga pa Dropbox imene pulogalamuyi imalumikizana nayo. PNG ndi JPEG ndi zithunzi chabe, simungazitsegulenso kuti musinthe malire. Zosindikiza tengani SVG, chifukwa siiphwanyika mukaikulitsa. Mamenyu ali m'Chingerezi ndipo ndi ochuluka, mabatani ake ang'onoang'ono. Pa foni mutha kuona mapu, koma kupenta malire kumafuna kompyuta ndi mouse.