Mmisiri wathawa ntchito: mulandire zanu zokha, kapena musumire ndi chiwongoladzanja?

Munapereka K2 miliyoni kuti akumangireni nyumba ku Matawale mu mzinda wa Zomba, iye anangokumba maziko n'kusowa. Patha chaka, akuti abweza. Njira zilipo ziwiri: kumvana pa mboni, kapena kupita kukhoti.

Kumvana n'kotchipa. Pepala, mboni ziwiri, tsiku lobwezera, basi. Koma ambiri amabweza K2 miliyoni yomweyo, ndipo apa ndiye pondiwawa. Mu Novembala 2023 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene anapereka ndalama isanagwe n'kulandira itagwa anapeza kuti matumba a simenti omwe akanagula achepa.

Kukhoti mutha kupeza chiwongoladzanja, koma sichibwera chokha. Muchipemphe m'zikalata zosumira, woweruza ndiye aone. Ngati pangano lanu linatchula chiwongoladzanja, mlandu umapepuka.

Kumvana: masabata ochepa. Kukhoti: miyezi, mwina zaka.
Kumvana: ndalama ya thiransipoti. Kukhoti: zolipira kukhoti ndi loya, ngakhale osauka angathandizidwe ndi Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu pa milandu, konkuno ku Zomba.

Ngati ndalamayo ndi yochepa ndipo mmisiriyo mumaonana naye kutchalitchi, mvanani, koma pemphani kangachepe pamwamba. Ngati ndi yambiri ndipo malisiti muli nawo, sumirani zisanathe zaka 6, omwe ndi malire a nthawi yosumira malinga ndi lamulo.